Antchito a Kuseri

Lachiwiri usiku kompyuta inandipempha chilolezo.
Ndinadina Inde osawerenga n'komwe,
monga muja tiyankhira moni tili pa liwiro.
Lachitatu inadzuka ndi nkhope yachilendo,
mabatani atasamuka malo,
fani ikulira ngati sitima yonyamuka padoko la Gdańsk.

Kunja chipale chofewa chakwirira njinga ya Radomił.
Muno chitsulo chili juu,
ndachigwira ngati mphumi ya mwana wodwala.

Ndili ndi makadi a ukwati mazana awiri
oti ndisindikize isanakwane folo koloko.
Kamuvi ka mausi kakukoka miyendo,
chilembo chilichonse chikufika mochedwa,
chopanda ndi pepani yemwe.

Radomił, mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito,
anavula magolovesi nakoka mpando.
Anatsegula kawindo ka manambala.
Purosesa: 97 pa 100.
"Mayi Bogumiła, mwatsegula chiyani?"
Palibe, taona wekha, sikirini ili mbee.
"Ndiye kuti ndi a kuseri aja."

Sindinkadziwa kuti ndili ndi antchito
amene sindinawalembe,
osaoneka, osapempha tchuthi, ongodya magetsi anga.
Anawandandalika kuyambira wadyera kwambiri.
Wina amalondera mavairasi.
Wina amatumiza malipoti kwa eni ake kutsidya la nyanja.
Wina akusakasaka makina osindikizira
amene ali pompano, pamphuno pake penipeni.

Anathimitsa wa malipoti. 91.
Anazula dalaivala yakale, nadzala yatsopano. 88.
Tinazimitsa, tinayatsanso, ketulo inawira n'kuzizira.
Fani osaleka.

Pamwamba pa mndandanda panatsala mmodzi,
dzina lake lalitali, lopanda popumira.
"Uyu ndi kalaliki wa kalozera.
Apudeti yamuiwalitsa zonse,
ndiye akuwerenganso fayilo iliyonse
kuti tsiku lomwe mudzafunse, adzadziwe pamene ili."
Nanga wafika pati?

Anadina.
Anakhala chete.
Anatembenuzira sikirini kwa ine.

Chikwatu cha Zdzisław.

Zaka khumi ndi zinayi za malisiti,
zithunzi za mabwato amene ankati adzagula akadzapuma ntchito,
mndandanda wa amene anatikongola inki ndi mapepala,
kalata yopita ku khonsolo yodandaula za ngalande ya mumsewu wathu.
Chimuikireni m'manda sindinachitsegule.
Nyengo zozizira zitatu ndakhala ndikuchilambalala
ngati thabwa lolira pansi pa chipinda.
Koma makinawa akuvundukula tsamba ndi tsamba,
osalumpha, osagwetsa msozi,
kungotentha basi.

"Ndikhoza kumuimitsa," anatero mnyamatayo,
"kapena kumuuza kuti chikwatu ichi asachikhudze.
Mphindi imodzi yokha, purosesa ipuma."
Chala chake chinali kale pa mausi.

Ndinayang'ana wotchi. Leveni koloko.
Ndinaganiza za mkwatibwi ndi mayi ake olongolola aja.
Kwatsala mafayilo angati?
"Zikwi zisanu ndi chimodzi. Mwina maola awiri."

Musiye amalize, ndinatero.
Pafunika wina awerenge.

Tinadula mapepala pamanja,
tinapinda maenvulopu, m'mphepete mwake mukuticheka zala.
Radomił anakagula buledi wa mbewu zakuda pangodya paja,
anabwera ndi chipale m'tsitsi.
Sitinalankhule zambiri.
Fani inkalankhula m'malo mwathu,
mawu amodzi omwewo, osameza mate.

Itangodutsa wani koloko inayamba kutsitsa mawu,
pang'ono,
pang'ono,
kenako zii,
mpaka ndinamva madzi akudontha m'paipi ya chotenthetsera nyumba.
Purosesa: 4.

Mnyamata ali kuseri kukatenga inki,
ndinalemba m'kabokosi kofufuzira: ngalande.
Kalata inatulukira pompo.
Mizere isanu ndi umodzi, yaukali monga mwini wake,
yothera pa mawu oti "komanso".

Ndinaitseka.
Makadi a ukwati anayamba kutuluka limodzilimodzi,
ofunda m'manja.